Za Kuphunzitsa Olumala Ncito za Manja

M'caka ca 1971 Boma la Malawi linakhazika lamulo losamala anthu olumala, ndipo mwa lamulolo munabadwa bungwe la MACOHA, limene lamulo latsopano la 2024 linalipatsa dzina lina, MACODA. Bungweli linatsegula nyumba zophunzitsiramo ncito za manja ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, ndi ku Lilongwe. Koma kwa munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, m'boma la Mchinji, malo amenewa ali kutali ndithu, ndipo ulendo wace ufuna ndalama. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi ali onse mmodzi ndi wolumala. Cifukwa cace ambiri adzaphunzira kwao konko, pakhonde pa mmisiri wa m'mudzi, apo ai sadzaphunzira konse.

Mmisiri wofuna kulandira wophunzira wotere ayambe wamfunsa mwini wace cimene akhoza ndi cimene acifuna. Kawirikawiri abale amayankhira munthu ali pomwepo, monga ngati kulumala mwendo ndiko kulumala nzeru. Ndipo mnyamata amene mtima wace unali pa kukonza njinga amkhazika pansi kuti aziluka mikeka moyo wace wonse.

Atamva zimenezo, mmisiri asinthe zipangizo, pakuti thupi la wophunzira silingasinthike. Makina osokera opalasa ndi mapazi angathe kuikidwa cogwirira copukusa ndi dzanja. Thebulo la ukalipentala alidule miyendo, kuti wokhala pa njinga ya olumala afikire. Wosaona amaphunzira ndi zala: mmisiri agwire manja ace nawayendetse pa thabwa, ndipo pa ndodo yoyezera aseme timipata m'malo mwa manambala. Wosamva afunika kuona nkhope ndi manja a mphunzitsi wace. Kulankhula utamfulatira nkutaya mau cabe. Wacialubino agwire ncito pamthunzi, ndipo zolemba zace zikhale za malembo akulu. Wakhunyu asakhale pafupi ndi moto, koma anzace adziwe kuti nthendayi siipatsirana.

Nthawi nayonso iyenera kupindika. M'dziko la mtedza ndi cimanga ngati Mchinji, mvula ikagwa nyumba yonse imathamangira kumunda, ndipo womperekeza wophunzira uja amasowa. Njira nazo zimadzala matope. Maphunziro ambiri acitike tsono m'cilimwe, anthu atakolola, ndipo amene afuna miyezi isanu ndi umodzi pa ncito imene mnzace aitha m'miyezi itatu asamcotse.

Aphunzitsi a Eklezia, amene amayenda m'midzi yonse ya Guillime, Ludzi ndi Kachebere, adziwa nyumba zimene olumala amabisidwamo, ndipo adziwanso amisiri oleza mtima. Iwo angathe kuwakumanitsa, nkukapereka maina ku ofesi ya boma yosamala anthu ku Mchinji. Akristu a m'limana asonkherane ndalama ya sowo, lumo kapena sipanala wophunzira asanatsirize, kuti potuluka pakhonde pa mmisiri atenge zida zacezace.