NSWALA NDI NYENGO YAKE YOBALA

M'boma la Rufunsa, kumene mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata upyola m'maiko a mafumu Bunda Bunda ndi Mpanshya, anthu akhala moyandikana ndi nyama za m'thengo. Kumpoto kuli cigwa ca Lunsemfwa, ndipo kumwera kuli nkhalango ya Lower Zambezi, imene Boma linaipatula mu 1983 kuti ikhale yosungiramo nyama. M'zigwa zotentha zotere, momwe mumera mitengo ya tsanya, ndimo mukonda kukhala nswala. Nswala ndi nyama yofiirira, yoyera kumimba, yodziwa kulumpha. Yamphongo yokha ndiyo iri ndi nyanga.

Mbuzi za pamudzi zibala mwezi uli wonse, koma nswala za kuno sizitero ai. Pafupifupi zonse zibala pamodzi, m'masabata owerengeka, mu Novembala kapena pafupi ndi mweziwo, pamene mvula yoyamba igwa. Kodi ndani aziuza nthawi?

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo kufikira masika. Mvula itatha, ca mu Epulo ndi Meyi, nswala ziri zonenepa cifukwa zadya msipu dzinja lonse. Pamenepo zamphongo zisintha makhalidwe. Makosi ao akula, zibangula usana ndi usiku, ndipo zilimbana ndi nyanga. Yopambana idzitengera dera lake, nisonkhanitsamo zazikazi, nipitikitsa zinzake zonse. Nchito imeneyi ndi yolemetsa, kotero kuti yamphongoyo isowa ndi mpata wakudya womwe, niwonda, ndipo kawirikawiri ina yamphamvu iilanda malo. Zazikazi zambiri zitenga bere mu Meyi. Bere la nswala likhala masiku ngati 200, ndiyo miyezi isanu ndi umodzi ndi theka. Werengani pa zala zanu kucokera mu Meyi, ndipo mudzafika kumapeto a Novembala.

Cinthu coyamba cimene ciuza nswala nthawi ndico kutalika kwa usana. Kwathu kuno dzuwa likhala kumwamba maola ngati 13 mu Disembala, koma mu Juni maola 11 okha ndi mphindi pang'ono. Ife sitisamalako kweni-kweni, koma thupi la nswala lizindikira kuti usana ulikufupika, ndipo liyamba kukonzeka. Ku Kenya, pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, kumene usana ndi usiku zilingana caka conse, nswala zibala m'miyezi yosiyana-siyana.

Umboni wina ucokera kutali. Ku Ulaya kuli nyama yonga nswala imene Angerezi aicha deer, ya nyanga zanthambi zimene zithothoka caka ndi caka. Kumeneko mtundu wake wofiira ukwerana mu Seputembala ndi Okutobala, pamene usana wao ufupika. Anthu atatenga zina kunka nazo ku New Zealand, dziko la kumwera monga lathu, zinasintha nizimakwerana mu Malici ndi Epulo. Zinatsata dzuwa la dziko latsopanolo.

Caciwiri ndico cakudya. Nswala yaikazi yonenepa itenga bere msanga, koma m'caka ca cilala yoonda icedwa, kapena siitenga konse.

Nanga phindu la kubala pa mvula yoyamba nciani? Mu Okutobala thengo liri loyera, udzu wapsa, ndi madzi ali kutali. Kamwana kobadwa nthawi yotere kangafe, pakuti mace alibe mkaka wokwanira. Koma cizimalupsa citagwa, msipu uphuka, mkaka ucuruka, ndipo kamwanako kali ndi dzinja lonse lakuti kakule cisanu cisanafike. Ndiponso anyalugwe, afisi, mimbulu ndi ankhandwe sangathe kudya ana onse obadwa pamodzi. Agwirako ena, koma ambiri apulumuka kufikira atadziwa kuthamanga. Alenje ena amati nswala iyembekeza mvula isanabale. Zoona zake nzakuti nthawi yobala inaikika kale mu Meyi, ndipo mvula ikacedwa kwambiri ana ambiri afa.

Tsono taonani cimene tiphunzirapo. Nswala ibala mwana mmodzi yekha pa caka. Munthu wakupha yaikazi pakati pa Juni ndi Novembala wapha ziwiri, ndipo wakuipha m'dzinja wasiya kamwana kakufa ndi njala. Msampha wa waya susankha yamphongo kapena yaikazi. Ndico cifukwa cake lamulo la nyama za m'thengo la 2015 liletsa kusaka popanda cilolezo, ndipo alonda a nyama ayendera thengo mogwirizana ndi mafumu ndi anthu a m'midzi. Gulu la nswala likatayika caka cimodzi cobala, lidikira caka cathunthu kuti lipeze mwai wina.

MAFUNSO

1. Kodi nswala za kwathu zitenga bere mwezi uti, ndipo zibala mwezi uti?
2. Chulani zinthu ziwiri zimene ziuza nswala nthawi yake.
3. Cifukwa ninji nyama zija zinasintha nyengo yao ku New Zealand?
4. Funsani akulu a m'mudzi mwanu nyengo imene ngoma, insa ndi njiri zibala, ndipo mulembe mayankho ao m'buku lanu.