Munda Wotopa wa kwa Kasisi

Munthu wochokera ku Blantyre popita ku Chikwawa amatsika phiri pa msewu wokhotakhota. Akafika pansi amamva kutentha kwambiri, ndipo posakhalitsa amawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Kamuzu. Apa ndiye kuti walowa m'Chigwa cha Shire, chimene chimakafika mpaka ku Nsanje. Kumtunda kwa chigwachi, kufupi ndi boma la Chikwawa, kuli dera la Mfumu Kasisi. Chakumpoto kwake kuli mathithi a Kapichira ndi nkhalango yosungirako nyama ya Majete.

Ulimi sudayambe dzulo m'dera limeneli. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yapamadzi, ndipo adapeza Amang'anja akulima mapira, chimanga, nyemba ndi thonje. Anthuwo ankasula okha makasu awo ndiponso ankaomba nsalu ndi thonje la m'minda mwawo. Livingstone atachoka m'chaka cha 1864, ena mwa Akololo amene adabwera naye adatsala m'chigwamo nakhala mafumu. Mmodzi wa iwo adali Ramakukan, amene anthu adamutcha Kasisi. Ufumu wa Kasisi udayambira pamenepo.

Minda ya m'chigwachi ndi ya mitundu iwiri. Minda ya kumtunda imatchedwa mphala, ndipo imadalira mvula. M'menemo anthu amabzala mapira, mchewere, chimanga ndi thonje. Minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi madimba. Madzi akasefukira amasiya matope achonde m'madimbamo, ndipo akaphwa anthu amabzalamo chimanga, mbatata, maungu ndi nyemba. Koma madzi akachuluka kopitirira muyeso, monga adachitira m'zaka za 2015, 2022 ndi 2023, amakokolola mbewu ndi kukwirira minda ina ndi mchenga. Kumphala nakonso kuli mavuto ake. Mvula imagwa yochepa, ndipo kawirikawiri imadula mbewu zisanakhwime.

Kale munda ukatopa, mwini wake ankaugoneka n'kukatsegula wina. Pa tsala lija pankamera udzu ndi mitengo, masamba ankayoyoka ndi kuwola, ndipo patapita zaka chonde chinkabwerera. Masiku ano zimenezi n'zovuta. M'chaka cha 1966 m'Malawi mudali anthu pafupifupi 4 miliyoni, koma pofika 2018 adali oposa 17 miliyoni. M'boma la Chikwawa lokha mudali anthu oposa 560,000. Anthu achuluka, koma nthaka sikula. Motero munda umodzi womwewo umalimidwa chaka ndi chaka popanda kupumula.

M'mudzi wina kwa Kasisi mudali mayi wina wachikulire wamasiye amene ankalera adzukulu atatu. Wamkulu mwa iwo adali mnyamata wa Sitandade 5. Gogoyu adali ndi munda umodzi wokha kumphala. Pamene adali mtsikana, mundawo unkadzaza nkhokwe ziwiri, koma tsopano sunkadzaza ngakhale imodzi. Chimanga chinkamera chachikasu ndi chonyozoloka, ndipo m'mizere mudadzaza kaufiti. Chakudya chinkatha mwezi wa Novembala usanafike. Pamenepo gogoyo ankapita kukagwira ganyu m'minda ya eni, ndipo mnyamata uja ankajomba kusukulu kuti akathandize agogo ake.

Tsiku lina atatha kukolola, gogoyo adaunjika mapesi pakati pa munda kuti awatenthe monga mwa masiku onse. Mlangizi wa zaulimi amene ankadutsa pa njinga adaima nawapatsa moni.

"Tikuoneni, Agogo. Kodi mapesiwa alakwanji kuti muwatenthe?" adafunsa mlangiziyo.

"Ndikusosa, mwana wanga," adayankha gogoyo. "Koma kaya ndikuvutikiranji. Munda uno udatha kale. Mwina munthu wina adauchita chipongwe, chifukwa kaufiti yekhayekha ndiye akumera."

Mlangiziyo adatapa dothi la m'mundamo m'dzanja limodzi. Kenaka adapita pansi pa mtengo wa msangu umene udali kumalire natapanso dothi m'dzanja linalo. Adaitana mnyamata uja kuti aone. Dothi la pakati pa munda lidali lotuwa ndi louma ngati phulusa, koma la pansi pa msangu lidali lakuda, lofewa ndi lonunkhira masamba owola.

"Agogo, palibe amene adauchita chipongwe munda uno," adatero mlangiziyo. "Mundawu uli ndi njala. Mbewu zimadya chakudya cha m'nthaka monga momwe ife timadyera nsima. Zaka zonsezi mwakhala mukutapa m'nkhokwe ya pansiyi osabwezeramo kanthu. Mukatentha mapesi, chakudya chambiri chimene chikadabwerera m'nthaka chimapita ndi utsi. Kaufiti naye amakonda nthaka yoguga. Mizu yake imakanirira ku mizu ya chimanga kapena mapira n'kumayamwa madzi ndi chakudya."

"Nanga ndichitenji? Feteleza adakwera mtengo, ine ndalama ndilibe," adadandaula gogoyo.

"Muli ndi mbuzi zingati?"

"Zinayi zokha."

"Ndiye kuti poyambira mulipo kale," adatero mlangiziyo akumwetulira.

M'mawa mwake mnyamata uja adakumba dzenje lakuya kufika m'chiuno pa mthunzi pafupi ndi munda. Pansi pake adayala mapesi oduladula. Pamwamba pa mapesiwo adaika masamba aawisi, kenaka ndowe za mbuzi, phulusa pang'ono ndi dothi lakuda, nawaza madzi. Adabwereza kuyala motero mpaka dzenjelo lidadzaza, ndipo adazika ndodo pakati pake. Patapita masiku owerengeka adazula ndodoyo napeza kuti ndi yofunda. Mlangizi adamuuza kuti kufundako n'chizindikiro chakuti tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba kuwoletsa zinyalalazo. Mwezi uliwonse mnyamatayo ankatembenuza muluwo ndi kuuwaza madzi. Itatha miyezi itatu, manyowa adapsa. Adali akuda ndi ozizira, ndipo mapesi sankaonekanso. Ndowe za ng'ombe, zimene zimapezeka zambiri m'Chikwawa, zimagwiranso ntchito yomweyo.

Mapesi otsala sadawatenthe. Adawayala m'munda kuti aphimbe nthaka. Gogoyo adaopa kuti mapesiwo aitana chiswe, koma mlangizi adalongosola kuti chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, ndipo njira zimene chimaboola zimathandiza madzi kulowa pansi. Adanenanso kuti m'chigwa chotentha chotere, momwe miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, nthaka yosaphimbidwa imauma msanga ngati chiwaya cha pamoto.

Padali chinthu chimodzi chimene mlangiziyo adachenjeza. "Mitengo ya thonje yokha ndiyo muyenera kuizula ndi kuitentha mukatha kutola," adatero. "Mukaisiya, mbozi zoononga thonje zimabisalamo kudikira mbewu ya chaka chamawa."

Mvula isanagwe, banjalo lidakonza mizere yopingasa kutsetsereka kwa munda, ndipo pakati pa mizereyo lidamanga ngonyeka kuti madzi asathamange. Kumunsi kwa munda, kumene kudayamba kachigwembe, lidabzala udzu wa vetiva kuti ugwire dothi. Pa phando lililonse lidathira manyowa odzaza manja awiri. Manyowawo sadakwanire munda wonse, choncho gogoyo adaugawa pawiri. Mbali imodzi adabzala chimanga ndi mapira, ndipo mbali inayo adabzala khobwe ndi nandolo.

Mbewu zitakula, mlangizi adazula tsinde limodzi la khobwe naonetsa mnyamata uja timibulu ting'onoting'ono tomera ku mizu yake. Adamuuza kuti m'timibuluto mumakhala tizilombo tothandiza timene timatenga chakudya cha mbewu chotchedwa nayitrojeni kuchokera mu mpweya. Nayitrojeni ndiye amabiriwitsa masamba. Khobwe, nandolo, mtedza ndi soya zonse zili ndi timibulu totere. Masamba ndi mizu yake zikawolera m'munda, mbewu yobzalidwa pamenepo chaka chotsatira imapeza chakudya. N'chifukwa chake mlimi wanzeru amachita kasinthasintha wa mbewu.

Msangu nawonso uli m'gulu la zomera zimenezi, koma uli ndi khalidwe lodabwitsa. Mitengo ina ikamaphuka masamba nthawi ya dzinja, msangu umayoyola ake. Motero suchititsa mthunzi pa mbewu, ndipo masamba ake amasanduka manyowa pa nthawi imene mbewu zikuwafuna. M'chilimwe umaphukanso, ndipo zipatso zake zimadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe. Atamva zimenezi, mnyamatayo adatchingira ndi minga timisangu titatu timene tidamera tokha m'munda, timene kale akadatidula ndi khasu.

Chaka choyamba zokolola sizidachuluke kwenikweni. Choipa china n'chakuti mbuzi za m'mudzimo zidadya nandolo asanakhwime, ndipo anyamata osaka mbewa adatentha mapesi a mbali imodzi ya munda. Gogoyo adakhumudwa kwambiri.

"Mdzukulu wanga, tangotaya mphamvu pachabe," adatero.

"Iyayi, Agogo," adayankha mnyamatayo. "Taonani pamene tidathira manyowa paja. Zisononkho zake n'zazikulu kuposa za kwina konse. Paja mumanena nokha kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha."

Gogoyo adaseka, ndipo m'mawa mwake adapita kwa anyakwawa kukadandaula za mbuzi ndi moto. Anyakwawa adaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse. Anthu adagwirizana kuti ziweto zizikhala ndi abusa kufikira nandolo atakololedwa, ndiponso kuti wotentha munda wa mnzake azilipa. Chaka chimenecho banjalo lidakumba maenje atatu a manyowa. Lidasinthanitsa mbewu m'mbali ziwiri zija, ndipo kaufiti aliyense lidamzula asanachite maluwa kuti asamwaze njere.

M'chaka chachitatu mvula idadula milungu itatu chimanga chili pafupi kumasula. M'minda yambiri chidafota n'kupsa. M'munda mwa gogo uja masamba ankapinda masana, koma pofika m'mawa ankatambasukanso, chifukwa pansi pa mapesi padali chinyontho. Mvula itabweranso, mbewuzo zidapitiriza kukula. Gogoyo adakolola nkhokwe yodzaza, ndiponso khobwe ndi nandolo wa ndiwo. Nandolo wina adagulitsa nagula feteleza pang'ono wa chaka chotsatira. Mlangizi adamuuza kuti feteleza ndi manyowa si adani. Feteleza amadyetsa mbewu msanga, pamene manyowa amafewetsa nthaka ndi kusunga chinyontho. Feteleza wochepa wothiridwa m'nthaka ya manyowa amapindulitsa kuposa wothiridwa m'nthaka yoguga.

Dzinja limenelo gogoyo sadapite kuganyu, ndipo mdzukulu wake sadajombenso kusukulu. Anthu amene poyamba ankamuseka kuti munda wake ndi wauve adayamba kubwera kudzaona maenje a manyowa.

M'chaka cha 2020 idayambika ntchito yokumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira kuti azikathirira minda ya m'chigwa. Madzi ndi ofunika kwambiri kumalo a mvula yochepa, koma madzi okha sakhutitsa mbewu. Munda wothiriridwa umalimidwa kawiri kapena katatu pa chaka, motero umatopa msanga ngati mwini wake saubwezera chakudya. Kaya ndi kumphala, kudimba kapena kumunda wothirira, lamulo lake ndi limodzi: wotapa m'nthaka ayenera kubwezeramo.

Mawu ofunika kuwadziwa

Pezani matanthauzo a mawu awa ndipo mupange chiganizo ndi mawu aliwonse: mphala, tsala, kusosa, kuguga, ngonyeka, phando, chinyontho.

Mafunso

1. Kodi dera la Mfumu Kasisi lili m'boma liti?
2. Tchulani mbewu zitatu zimene Amang'anja ankalima pamene Livingstone adafika m'chaka cha 1859.
3. Fotokozani kusiyana kwa mphala ndi dimba.
4. Chifukwa chiyani alimi ambiri sangathe kugoneka minda yawo masiku ano?
5. Kodi kaufiti amaononga bwanji chimanga?
6. Chifukwa chiyani mlangizi adaletsa kutentha mapesi koma adalola kutentha mitengo ya thonje?
7. Kodi msangu umasiyana bwanji ndi mitengo ina?
8. Kodi mwambi wakuti "tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha" ukutanthauzanji m'nkhaniyi?
9. Mudzi wonse udathandiza bwanji kuti ntchito ya gogo uja isaonongeke?

Ntchito

1. Zulani tsinde limodzi la khobwe, mtedza kapena soya, mutsuke mizu yake ndi kujambula timibulu timene mwaona.
2. Tengani dothi la pansi pa mtengo ndi la pabwalo la sukulu. Bzalani chimanga m'zitini ziwiri zoboola pansi, ndipo muzilemba zimene mukuona mlungu uliwonse.
3. Lembani ndime imodzi yofotokoza kapangidwe ka manyowa a m'dzenje.