PHUNZIRO: ANA ATHU AKAWERUKA KU SUKULU

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli tikhale titamvetsa kuti mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, amafunika ola limodzi la masewera olimbitsa thupi tsiku lililonse, ndiponso tikhale titagwirizana chochita m'mudzi mwathu kuti ana apeze nthawi ndi malo osewerera.

Mawu oyamba

Ana athu a ku pulayimale amaweruka dzuwa likadali pamwamba, ndipo pamatsala maola angapo kuti kude. Kodi amakhala kuti nthawi imeneyi? Ena amapita kudimba, kumjigo, kunkhuni, kapena kukagulitsa mandasi pamsika. Ena, makamaka m'matauni, amatsekeredwa m'nyumba zoonetsera mavidiyo, kapena amangokhala pansi maso ali pa foni mpaka mdima. Pamene ife makolo tikaona mwana akuthamangitsa mpira timati akutaya nthawi. Maganizo amenewa ndiwo tiwaunike pamodzi lero.

Zimene a zaumoyo amanena

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, likuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 pa tsiku. Likutinso masiku atatu pa sabata pazikhala masewera amphamvu, monga kuthamanga ndi kudumpha, olimbitsa minofu ndi mafupa. Mafupa amakhwima paubwana, ndipo amalimba kwambiri mwana akamadumpha. Mtima ndi mapapo nazonso zimalimba akamathamanga. Mwana wosewera amadya bwino, amagona tulo tabwino, ndipo m'kalasi amatchera khutu. Akakula ndi chizolowezi chimenechi amadzitchinjiriza ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. M'mera mpoyamba.

Kodi ntchito zapakhomo sizikwanira?

Ena mwa ife anganene kuti, "Wanga amalima ndi kutunga madzi, thukuta amatulutsa kale." Zoonadi ntchito ndi yabwino ndipo mwana ayenera kuiphunzira. Koma tiganizire izi: ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu oposa 20. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akaisenza maulendo angapo, chimene amapeza ndi kuwawa kwa khosi ndi msana. Masewera amagwiritsa ntchito thupi lonse mosapyola mphamvu za mwana. Amamuphunzitsanso kutsata malamulo, kudikira nthawi yake, kugwirizana ndi anzake, ndi kuvomera kugonja popanda ndewu.

Pano tiyang'anitsitse ana aakazi. M'makomo ambiri mnyamata akadya amathawira kubwalo, pamene mlongo wake amatsala ndi mbale, mtondo ndi mwana kumbuyo. Tikagawa ntchito mofanana, onse awiri adzamaliza msanga ndipo onse awiri adzasewera. Tisaiwale kuti Temwa Chawinga, amene mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ya ku America, ndi mwana wa ku Rumphi. Si mwana aliyense adzafike kumeneko, koma aliyense ali ndi thupi loyenera kulimba.

Kusewera ndi ufulu wa mwana

Pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa ana, la chaka cha 1989, m'gawo 31 limati mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Dziko la Malawi linavomereza panganoli mu 1991. Malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 23, amatetezanso ana ku ntchito yosokoneza maphunziro kapena yoononga thanzi lawo. Choncho bwalo la masewera likalimidwa chimanga kapena kumangidwa magolosale, ana alandidwa chinthu chawo. Ndi udindo wathu kukadandaula kwa a mfumu, ku komiti ya sukulu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ngakhalenso kwa khansala wa dera lathu.

Zimene tingachite popanda ndalama

1. Mwana akafika pakhomo ayambe wadya, ngakhale mbatata kapena phala. Wanjala sangathamange.
2. Tipatule ola limodzi dzuwa likapendeka, ndipo ana adziwe kuti ntchito ikatha ola limenelo ndi lawo.
3. Tiwalimbikitse masewera athu omwe aja: fulaye, jingo, phada, chipako, chitelele, mpira wachikulunga ndi wa ntchembere mbaye. Chingwe ndi mapepala a pulasitiki n'zokwanira.
4. Tisese bwalo, tichotse magalasi, minga ndi zitsa.
5. Akuluakulu awiri odalirika, bambo ndi mayi, azisinthana kuyang'anira ana, ndipo ana onse azibwerera kwawo kusanade. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.
6. Ana olumala tisawasiye kumbali. Tisinthe malamulo a masewerawo kuti nawonso alowe.
7. Tiwaletse kusambira m'madzi oima a m'madambo ndi m'maiwe, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, komanso m'mitsinje yodzaza nthawi ya dzinja.
8. Pabwalo pazikhala madzi abwino akumwa. Mwana wotentha thupi apite kuchipatala, osati kumpira.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Dzulo ana a pakhomo pathu anachita chiyani kuchokera poweruka mpaka madzulo? Nanga wamkazi anasewera mphindi zingati?
2. Kodi m'mudzi mwathu muli bwalo losewerera? Ngati linalipo kale, linapita kuti, ndipo tikaonane ndi yani?
3. Ndani mwa ife adzipereke kuyang'anira ana sabata yamawa, ndipo tsiku liti?

Mlembi alembe mayina a odziperekawo, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzayambe ndi kumva m'mene zayendera.