MPHIKA WA MPHODZA M'NYENGO YA CISANU

Miyezi ya June ndi July ndiyo ya cisanu. Dzuwa lilowa msanga, mphepo yozizira ikwera kucokera kumadambo, ndipo m'mamawa ana ndi nkhalamba aunjikana pamoto. Koma moto ufunditsa khungu lokha. Cofunditsa m'kati mwa munthu ndico cakudya cotentha ndi copatsa mphamvu. Cifukwa cace m'phunziro ili tinena za msuzi wa mphodza, cakudya cakale lomwe, cosafuna ndalama zambiri.

1. Mphodza za m'Malembo

Pa Genesis 25:29-34 tiwerenga kuti Yakobo anaphika mphodza, ndipo Esau pofika kucokera kuthengo ali wolefuka anapempha cakudya cofiiraco. Ndico cifukwa anachedwa Edomu, ndiko kuti wofiira. Pa 2 Samueli 17 timva kuti Davide pothawa Abisalomu analandira ku Mahanaimu tirigu, nyemba ndi mphodza, kuti adye anthu ace otopa.

Tizindikire kuti mbeu imeneyo isiyana ndi mphodza zobiriwira za m'minda mwathu, ngakhale ziri pa cibale. Angelezi aicha lentil, ndi anthu a ku India masoor. Njere yace ndi yaing'ono ndi yaphanthiphanthi, ndipo m'khoko limodzi mukhala njere imodzi kapena ziwiri. Ikonda malo ozizira. Ku Palestina aifesa pa mvula ya nyengo yozizira, ku Ethiopia ailima kumapiri, ndipo masiku ano Canada, India ndi Australia ali pakati pa maiko okolola zambiri. Akacotsa khungu, m'kati mwace muoneka mofiira. Zosendazo zipezeka m'masitolo ena a m'tauni.

2. Phindu lace

Nsima ipatsa mphamvu ya kugwira nchito, koma payokha siikwanira kumanga thupi la mwana. Mphodza zouma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 ndi cakudya comanga thupi, conga cija ca m'nyama ndi nsomba. Mulinso ayironi, imene thupi liifuna popanga magazi. Cimene cisowa m'cimanga cipezeka m'mphodza, ndipo cosowa m'mphodza cipezeka m'cimanga. Potero ziwirizi zikadyedwa pamodzi zithandizana.

3. Kaphikidwe

Pa banja la anthu 6, tengani makapu 2 a mphodza zofiira. Petani palicero, sankhani timiyala, ndi kutsuka kufikira madzi ayera. Zosenda sizifuna kubviika.

Dulani anyezi mmodzi wamkuru, mumkazinge m'masupuni 2 a mafuta mpaka afewe. Thirani mphodza ndi makapu 7 a madzi. Zikawira, yengulani thobvu ndi kucepetsa moto, zibwate pang'onopang'ono mphindi 20, mukubvundula kawirikawiri kuti zingapserere pansi. Zitafewa, ndiye ikani matimati 2 ndi mcere, ziwirenso mphindi 10. Musafulumire ndi matimati, pakuti cowawasa cicedwetsa mbeu kufewa. Soda kapena cidulo musathire. Cifewetsa msanga, koma ciononga zina zofunika m'cakudya.

Tsono pukusani kuti usalale. Ukalimba onjezani madzi otentha, kufikira ukhale womwereka m'kapu. Pogawa finyirani ndimu pang'ono, cifukwa madzi a ndimu athandiza thupi kulandira ayironi ija.

Amai amene alibe mphodza za m'sitolo asade nkhawa. Cipere cimene anakuphunzitsani agogo ciri msuzi womwewu. Tengani khobwe, nandolo kapena mphodza zathu, muzipere pamphero ndi kupeta makoko, kapena muzibviike usiku ndi kusenda m'mawa. Izi zifuna moto wa ora limodzi kapena kuposa. Popanda mafuta, nsinjiro zikwanira. Pogawa yambani ndi ana ang'ono, amai oyamwitsa, odwala ndi okalamba, pakuti cisanu ciwalasa iwowa koposa. Mwana wopita kusukulu m'mamawa amwe kapu imodzi yotentha pamodzi ndi mbatata.

4. Cenjezo

Msuzi uwu sungaphikidwe m'nyumba yopanda mbeu. Nyengo ya cisanu ifika pamodzi ndi ogula, amene ayenda m'midzi ndi sikelo zao pamene mtengo uli wotsika. Mabanja ambiri agulitsa khobwe ndi nyemba zonse, ndalama nizitha m'masabata owerengeka. Pofika dzinja agula mbeu zomwezo pa mtengo wokwera, kapena ana adya nsima ndi masamba okha. Esau sanalakwe pakumva njala, koma pakupeputsa cinthu cokhalitsa cifukwa ca cofuna ca ora limodzi.

Bambo ndi mai apangane asanafike wogula. Apatule poyamba mbeu yobzala, kenaka cakudya ca banja kufikira masika ena, ndipo cotsala ndico ca malonda. Zosungazo ziyanikidwe mpaka njere iphulike poiluma, zisakanizidwe ndi phulusa losefa, ndi kutsekeredwa mumtsuko womata pakamwa, kuti anankafumbwe asalowe.

Mafunso

1. Kodi mphodza za Yakobo zisiyana bwanji ndi zathu?
2. Cifukwa ninji matimati athiridwa potsiriza?
3. M'nyumba mwanu mwapatula mbeu zingati za ana caka cino?