Zipsera za pa chiwindi: musadikire mimba itupe

Phunziro la mwezi uno likukhudza chiwindi. Chiwindi chimasefa zoipa m'magazi ndiponso chimathandiza kugaya chakudya. Chikamavulazidwa kwa zaka zambiri chimachita zipsera, monga momwe khungu limachitira pomwe panali bala. Zipserazo zikachuluka, chiwindi chimauma ndipo magazi amavutika kudutsamo. Kuchipatala matendawa amawatcha cirrose.

Chimayambitsa n'chiyani?

Kuno kwathu zifukwa zazikulu ndi zitatu: kachilombo ka Hepatite B, likodzo la m'matumbo lomwe limagwira anthu osamba, ochapa ndi opha nsomba m'mitsinje ndi m'madambo, ndiponso kumwa kachasu kapena mowa wina kwa nthawi yaitali. Choopsa n'chakuti zipsera zimakula mwakachetechete. Munthu amalima, amayenda, osamva kuwawa kulikonse.

Mungadziwe bwanji?

Njira yake ndi kuyezetsa basi. Ngati anakupezani ndi Hepatite B, pitani kukayezetsa magazi kosachepera kamodzi pa chaka. Adokotala amayerekeza zinthu ziwiri m'magazi, AST ndi ma plaqueta, ndipo kuwerengera kumeneku, kotchedwa APRI, kumasonyeza ngati zipsera zayamba. Amene ali kale ndi cirrose ayenera kuunikidwa pamimba ndi ecografia miyezi 6 iliyonse, kuti khansa ya chiwindi ipezeke ikadali yaing'ono.

Chithandizo chilipo?

Chilipo. Mankhwala ake ndi kuchotsa chomwe chikuvulaza chiwindi, ndipo chikachotsedwa msanga zipsera zimatha kuchepa.

1. Hepatite B: piritsi la tenofovir, limodzi pa tsiku. Silitha kachilombo, koma limakafooketsa. Musalisiye panokha, chifukwa matenda amabwerera mwamphamvu. Amene mukumwa ma ARV, dziwani kuti tenofovir alimo m'mapiritsi a TLD.
2. Likodzo: praziquantel.
3. Mowa: kusiyiratu, osati kuchepetsa chabe.

Pewaninso mtedza ndi chimanga chochita chuku, chifukwa poizoni wake amabweretsa khansa ya chiwindi. Musamwe ibuprofeno, diclofenac kapena zitsamba musanafunse kuchipatala. Ngati mimba kapena miyendo yayamba kutupa, chepetsani mchere m'ndiwo.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona izi: kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, maso achikasu, kutentha thupi pamene mimba yatupa, kapena wodwala akuyankhula zosokonekera ndi kugona kwambiri masana. Mimba yotupa si ufiti ayi, ndi madzi omwe adzaza chifukwa chiwindi chauma.

Makolo, katemera wa Hepatite B anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lathu la Moçambique mu 2001. Onetsetsani pa khadi la mwana kuti analandira pa miyezi 2, 3 ndi 4. Ambiri amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanalandire katemerayu, choncho inu akuluakulu kayezetseni limodzi ndi akunyumba kwanu. Mukatha kuwerenga, muwerengereninso mnzanu amene satha kuwerenga.