Ndondomeko Yoweruzira Milandu ya Kuzunza Ophunzira Atsopano

Chigwa cha Domasi m'boma la Zomba chakhala malo a maphunziro kuyambira pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adakhazikitsa mishoni kumeneko mu 1884, ndipo kuchokera mu 1993 koleji ya Domasi College of Education yakhala ikusula aphunzitsi a kusekondale. Popeza ena mwa aphunzitsiwa amakapatsidwa udindo woyang'anira malo ogona kapena kukhala m'komiti yosungitsa mwambo akangoyamba ntchito, nkofunika kuti adziwe bwino kayendetsedwe ka mlandu wa kutiza, umene ndi mchitidwe wokakamiza wophunzira watsopano kuchita zomunyozetsa, zomupweteka kapena zomuika pangozi kuti akuluakulu a gulu amulandire ngati mnzawo. Gululo likhoza kukhala la m'chipinda chogona, timu ya mpira, kwaya kapena bungwe la ochokera boma limodzi. Ku America, kumene mchitidwewu umadziwika kwambiri m'mabungwe a ophunzira aakazi otchedwa sorority ndi a amuna otchedwa fraternity, lamulo la Stop Campus Hazing Act la mu Disembala 2024 limakakamiza makoleji kulengeza poyera milandu yotere chaka ndi chaka.

Ntchito yoyamba imachitika atsopano asanafike, ndipo ndiyo kulemba momveka zimene zili zoletsedwa. Lamulo longonena kuti kutiza nkoletsedwa silikwanira, chifukwa wolakwa amadziteteza ponena kuti kudali kucheza chabe. Lamulo litchule zochitikazo: kudzutsa mtsikana pakati pa usiku kuti akatunge madzi kapena achape zovala za wamkulu, kumulanda shuga, chiponde ndi sopo zimene makolo adamulongedzera, kumuvinitsa atavala zogonera kwinaku anzake akumujambula pa foni, kumumwetsa mowa, ndiponso kumusala mwadala kuti asalankhulidwe ndi aliyense. Lamulolo linenenso kuti kuvomera kwa wozunzidwa sikuchotsa mlandu, pakuti munthu amene wangofika kumene ndipo wazunguliridwa ndi akuluakulu khumi savomera mwaufulu. Wophunzira aliyense asayine kuti wawerenga malamulowo, ndipo atsogoleri a magulu asayine padera.

Nkhanza ikachitika, choyamba kusamala ndi moyo wa wozunzidwa, mlandu umabwera pambuyo. Wovulala apite naye kuchipatala msanga, kaya cha ku Domasi komweko kaya chipatala chachikulu cha Zomba Central, ndipo lipoti la dokotala lisungidwe chifukwa ndi umboni wovuta kuutsutsa. Ngati pachitika zogwirira, changu nchofunika koposa, popeza mankhwala oteteza ku HIV, amene amadziwika kuti PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Wozunzidwayo asabwezedwe kukagona chipinda chimodzi ndi amene wawadandaulira, ndipo ngati pali wofunika kusamutsidwa, wosamukayo akhale woganiziridwayo.

Kenako dandaulo lilembedwe tsiku lomwelo, nkhani isanayambe kusintha pakamwa pa anthu. Wolandira dandaulo, kaya ndi woyang'anira malo ogona kaya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, alembe tsiku, nthawi, malo, maina a amene adalipo ndi mawu enieni amene adanenedwa, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ndi makanema akoperedwe asanafufutidwe. Mboni zifunsidwe mmodzimmodzi, chifukwa zikafunsidwa pamodzi zimayang'anana kumaso ndi kugwirizana pa bodza limodzi. Pano ndi pamene milandu yambiri imafera: akuluakulu ena, pofuna kuteteza mbiri ya sukulu, amaitanitsa mbali ziwirizo kuti zigwirane chanza nkhani ithere pomwepo, zimene zimaphunzitsa atsopano kuti kudandaula nkutaya nthawi.

Pa nthawi yomweyo pafunika kusiyanitsa kuswa malamulo a sukulu ndi kupalamula mlandu wa boma. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, m'gawo 19, amateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa nkhanza ndi zonyozetsa. Malamulo a milandu a Penal Code amapereka chilango chofika chaka chimodzi m'ndende pa kumenya wamba m'gawo 253, ndi zaka 5 pa kumenya kovulaza m'gawo 254. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa kuzunza munthu pa nkhani zogonana ndipo limatchula chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende, pamene lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limakhudza ozunza anzawo kudzera pa intaneti. Zotere zikaoneka, nkhani ipite ku polisi, kunthambi yothandiza ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndipo komiti ya pasukulu ilibe mphamvu yoletsa wodandaula kutero. Milandu iwiriyi imayenda payokhapayokha.

Gawo lofuna kusamala kwambiri ndi kumva mlandu, pakuti chilango choyenera chikhoza kugwetsedwa ndi khoti chifukwa cha njira yolakwika. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo cha akuluakulu chomukhudza chikhale chotsata malamulo, chodutsa m'njira yachilungamo, ndiponso chokhala ndi zifukwa zolembedwa. Motero woganiziridwa alandire kalata yotchula mlandu wake ndi lamulo limene akuti waswa, apatsidwe masiku okwanira okonzekera, amve umboni womutsutsa, ndipo aloledwe kuyankha ndi kubweretsa mboni zake. Amene adafufuza nkhaniyo asakhalenso woweruza, ndipo membala wa komiti amene ndi mbale, mnansi kapena mlangizi wa gulu lokhudzidwalo adzipatule. Wodandaula akhoza kupereka umboni popanda kuyang'anizana ndi omuzunza, malinga ngati mafunso awo amufikira kudzera mwa wapampando.

Chilango chilingane ndi kukula kwa mlandu: chenjezo lolembedwa, kubweza katundu wolandidwa, kuchotsedwa pa udindo, kutulutsidwa m'malo ogona, kuimitsidwa sukulu kwa nthawi, kapena kuchotsedweratu. Koma kulanga munthu mmodzi yekha kumasiya muzu, chifukwa kutiza ndi mwambo wa gulu umene wozunzidwa chaka chino amadikira kudzaubwezera kwa obwera chaka chamawa. Apa makoleji a ku America ali ndi njira yoyenera kutengera, yoti gulu lenilenilo limalangidwa: limaletsedwa kulandira mamembala atsopano, limaimitsidwa kuchita zochitika zake, kapena limathetsedwa. Mtsogoleri amene adadziwa nakhala chete ayankhe mlandu wakewake.

Kalata ya chigamulo ifotokoze zifukwa, itchule kumene apilo ingaperekedwe ndi masiku ake. Wosakhutira pambuyo pa apilo angathe kukadandaula kwa Ombudsman, ku Malawi Human Rights Commission, kapena kupempha bwalo lalikulu la milandu ku Zomba kuti liunikenso chiganizocho, pempho limene liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu. Woyang'anira malo ogona apitirize kuonana ndi wodandaula ndi mboni zake kufikira teremu itatha, ndipo kuwaopseza kapena kuwasala kulikonse kulembedwe ngati mlandu watsopano.