PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Kubweza ngongole pamene banja lagwedezeka

 Phunziro la mwezi uno ndi lolemera pang'ono, koma ndaona kuti tisalizembenso. Anthu akabwera kwa ife odzipereka kudzapempha thandizo la lendi kapena la bilu ya gasi, timayamba ndi mapepala, koma tikakhalitsa pansi nkhani imatulukira kwina: m'nyumbamo anthu anasiya kalekale kuyankhulana za ndalama.

Ndiyambe ndi banja lina lomwe linandilola kuti ndifotokoze nkhani yawo. Maina sinditchula, ndipo zina ndasintha dala, choncho musavutike n'kulozerana kutchalitchi. Bambo amanyamula katundu m'weyahausi masana, mayi ndi CNA, amagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba. Amakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Tsiku lina mayi aja analandira cheke chawo n'kupeza kuti chaperewera kwambiri. Atafunsa ku ofesi anauzidwa kuti khoti lalamula kuti azidulidwa malipiro. Iwo za khoti sankazidziwa. Inali ngongole yomwe anasainira limodzi ndi amuna awo zaka zingapo m'mbuyomo. Bambo anasiya kulipira, makalata akabwera ankawabisa m'galimoto, mpaka samani ya kukhoti yomwe. Ndalama zinkapita kuti? Kumudzi, kukamaliza nyumba ndi kulipira chipatala cha mayi awo.

Mayi aja anabwera kwa ine atalongedza kale chikwama. Koma titakhala pansi tonse atatu, bambo aja anafunsa modekha kuti, "Nanga inu mayi, mapepala aja ndinawaona m'chikwama chanu cha kuntchito ndi a chiyani?" Kunali zii. Nawonso anali ndi katapila muwiri, wa fizi ya ana a malemu mchemwali wawo. Palibe amene anadyera ndalama ku mowa kapena kuchibwenzi. Onse awiri ankathandiza abale, onse awiri ankabisa, ndipo aliyense ankaona mnzake ngati wakuba.

Mfundo ya phunziro lathu ndi yomweyi. Ngongole yodziwika, ngakhale ikule bwanji, anthu awiri angathe kuikonzera njira. Yobisika ndi imene imatha banja, chifukwa ikaululika mnzako salira ndalamazo ayi, amalira kuti munkagona naye chipinda chimodzi mukumunamiza.

Choyamba n'kuyala zonse pamphasa

Sankhani tsiku loti nonse simukuchokera ku dabulo shifiti, ana atagona. Tengani pepala limodzi. Ngongole iliyonse ilembedwe: mwini wake ndani, yatsala zingati, chiwongoladzanja chake n'chotani, ili m'dzina la ndani. Musadalire kukumbukira. Makampani atatu amene amasunga mbiri ya ngongole ya munthu aliyense muno mu America, Equifax, Experian ndi TransUnion, amapereka lipoti laulere kudzera pa AnnualCreditReport.com, ndipo kuyambira mu 2023 anakhazikitsa zoti munthu angathe kulitenga sabata iliyonse osalipira. Aliyense atulutse lake, mupatsane. Zimachititsa manyazi, inde, koma manyazi ake ndi a tsiku limodzi.

Lipotilo silionetsa zonse. Ndalama zimene munabwereka kwa mlamu wanu ku Chicago mulibemo. Chipereganyu chomwe munadya kale koma simunamalize kusonkha mulibemo. Zonsezo zilowe papepala. Ndipo lamulo la tsiku limenelo likhale limodzi: lero tikulemba, sitikuzenga mlandu. Funso loti "munatengeranji?" lidikire tsiku lina.

Nkhani ya kumudzi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo alangizi a zachuma a kuno sapamvetsa. Iwo amangoti lekani kutumiza. Munthu ungaleke bwanji mayi ako ali gone kuchipatala? Ambiri a ife tinakwera ndege ndi ndalama zimene abale anasonkha, ena anagulitsa ng'ombe kapena malo. Bambo amene ndi mwini mbumba kwawo amayembekezeka kuona ana a alongo ake, ndipo mayi nayenso ali ndi kwawo komwe akumuyang'ana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena akummwera, ndipo mafoni athu sanagone. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kumudzi anaona ngati dola yathu yanenepa, kuiwala kuti simenti, feteleza ndi fizi nazonso zinakwera. Zopempha sizinachepe.

Ine maganizo anga ndi awa. Ndalama ya kumudzi ilembedwe ngati bilu, poyera, mbali zonse ziwiri. Gwirizanani kuti pamwezi nyumba ino itumiza zakuti, kuchimuna zakuti, kuchikazi zakuti, ndipo zikatha zatha. Sizikusowa kufanana ndendende, poti mavuto safanana, koma aliyense adziwe. Chakudya ndi mankhwala a makolo zipitirire. Nyumba yomanga ija ingathe kuima kaye pa lintala chaka chimodzi, siithawa. Kumanga nyumba ku Area 49 ndi ndalama za khadi la ngongole ndiye kuti njerwa iliyonse mukuigula kawiri. Ndipo pouza abale, muuze aliyense abale ake, ndi mawu oti "tagwirizana". Mukanena kuti "akazi anga akukaniza", mwamugulitsa mnzanuyo kwa apongozi ake mpaka kalekale.

Kanthu kena kakang'ono: lamulo lomwe linasainidwa mu Julaye 2025 linaika msonkho wa 1 peresenti, kuyambira pa 1 Januwale 2026, pa ndalama zotumiza kunja ngati mwapereka kashi pakauntala. Zochokera mu akaunti ya kubanki sizikhudzidwa.

Iyambe ndi iti?

Amene akukuimbirani foni kwambiri si amene ayenera kulipidwa poyamba. Yambani ndi denga, moto ndi galimoto: lendi, magetsi ndi gasi, ngongole ya galimoto ndi inshuwalansi yake. Wokhala ku South Bend wogwira ntchito ku fakitale ku Elkhart akalandidwa galimoto, ntchito yathera pomwepo, ndipo ngongole zina zonse zagwa nazo.

Kenako katapila. Kuno amamutcha payday loan, ali ndi sitolo yowala bwino ndi chiphaso cha boma, koma ndi katapila yemwe uja tinamusiya kumudzi. Lamulo la Indiana limalola kuti pa madola 250 oyamba akulipiritseni 15 peresenti, ndipo kuchokera pamenepo kufika 400 akulipiritseni 13 peresenti. Tiwerengere limodzi. Mwatenga madola 300. Pa 250 mulipira 37.50, pa 50 yotsalayo 6.50, yonse pamodzi 44, pa masabata awiri okha. Tsiku lobweza likafika mulibe 344, ndiye mubweza n'kutenganso. Mukachita zimenezi kasanu ndi kawiri mwapereka 308, kuposa imene munabwereka, koma 300 ija ikadali pomwepo. Dziwani kuti lamulo lomwelo lili ndi njira yoti munthu amene watenga kangapo motsatizana apemphe kubweza pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja chatsopano. Funsani, musachite mantha.

Makhadi a ngongole amadya mwakachetechete. Tiyerekeze khadi lili ndi madola 4,000 pa 24 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja cha mwezi umodzi ndi 80. Mukalipira 100, ngongole yeniyeni yatsika ndi 20 basi. N'chifukwa chake ena amati ndakhala ndikulipira zaka zitatu koma sizikusuntha. Akatswiri amati lipirani kochepa kofunikako pa makhadi onse, ndipo yotsala yonse muponye pa khadi la chiwongoladzanja chachikulu. Masamu ake ndi oona. Koma kwa banja lomwe likukokana, ine ndimalangiza kuyamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri. Anthu amene akhala miyezi akukangana amafunika kuona chinthu chimodzi chimene achita limodzi chitatheka. Banja ndanena lija linayamba ndi kabilu ka foni yakale, ndipo tsiku lomwe anakafafaniza papepala ndi lomwe ndinawaona akuseka koyamba. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Bilu ya chipatala musaithamangire ndi khadi. Zipatala zomwe sizili za phindu zimalamulidwa ndi boma kukhala ndi ndondomeko yothandiza odwala opeza zochepa. Pemphani fomu yake, ngakhale bilu itabwera kale.

Kalata ya kukhoti sabisa

Otolera ngongole amaopseza, makamaka akamva kayankhulidwe kathu. Lamulo la mu 1977 lotchedwa Fair Debt Collection Practices Act limawaletsa kuimba isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, kutukwana, ndi kunama kuti akumangitsani. Kulephera kulipira khadi si mlandu wopita nawo kundende. Koma samani ya kukhoti ndi nkhani ina. Mukapanda kupita, woweruza amagamula inu kulibe, ndipo akatero angathe kulamula kuti muzidulidwa mpaka 25 peresenti ya malipiro otsala msonkho utachotsedwa. Wolandira 600 pasabata angataye 150. Ndipo khoti likakuitanani kuti mukafotokoze za chuma chanu inu n'kunyozera, pamenepo mungathe kugwidwa, chifukwa chonyoza khoti. Pitani, ngakhale mulibe kobiri m'thumba. Ku Indiana munthu angathe kupempha woweruza kuti achepetse zodulazo akaonetsa chifukwa chomveka. Bungwe la Indiana Legal Services lili ndi maofesi ku South Bend ndi ku Indianapolis, ndipo limathandiza mwaulere anthu opeza zochepa amene ali oyenerera.

Ena amaganiza kuti banja likatha ngongole yathanso. Ayi ndithu. Ku Indiana woweruza amaika katundu ndi ngongole za onse awiri mumphika umodzi, n'kuyamba ndi ganizo logawa pakati. Koma ngakhale atagamula kuti galimoto azilipira ndi bambo, banki siinasaine nawo chigamulocho. Ngati dzina la mayi lili papepala la ngongole, bambo akasiya kulipira banki ipita kwa mayi. Chimodzimodzi msonkho umene munalembetsa limodzi ku IRS: ukapezeka ndi vuto, aliyense wa inu angathe kufunsidwa ndalama yonse. Choncho kaya mukhala limodzi kaya mupatukana, pepala lija mulifunabe. Ndipo pamene zinthu zili chonchi, musasainirenso munthu ngongole yatsopano, kaya ndi mwamuna wanu, kaya ndi m'bale wongofika kumene.

Ankhoswe ali kutali

Kwathu nkhani yotere ikanapita kwa ankhoswe. Kuno ankhoswe ali pa WhatsApp, ndipo nthawi zina iwo omwewo ndi amene amalandira ndalama zikukanganitsazo, ndiye agamula bwanji? Pezani munthu wachitatu wosadya nawo: abusa, mkulu wa mpingo, banja lachikulire lomwe nonse mumalilemekeza, woti pakamwa pake n'potseka. Pa za masamu pali mabungwe olangiza za ngongole omwe si a phindu, a m'gulu la National Foundation for Credit Counseling. Chenjerani ndi makampani a pa wailesi olonjeza kufafaniza theka la ngongole, amene amayamba n'kukuuzani kuti musiye kulipira.

Ndinene chimodzi mosapsatira. Ngati m'nyumba muli kumenyana, kapena wina walanda mnzake khadi la kubanki, pasipoti kapena mapepala a imigireshoni, kapena akutsegula ngongole m'dzina la mnzake mwakabisira, imeneyo si nkhani ya bajeti, ndipo phunziro lino silikukuuzani kuti mupirire. Ku Indianapolis kuli Julian Center, ku South Bend kuli YWCA North Central Indiana. Mukhozanso kuimba 211 kuti akulozereni koyenera.

Banja lija lidakali limodzi, ngongole sinathe, ndipo masiku ena amakanganabe. Pepala lawo analimata mkati mwa chitseko cha kabati ya mbale, pomwe alendo saona, ndipo amalitsegula Lamlungu loyamba la mwezi akachoka kutchalitchi. Amene mukufuna kuti tikhale nanu pansi polemba lanu, tiuzeni ife odzipereka tikamatuluka m'mapemphero. Mubwere ndi makalata onse, ndi omwe simunatsegule omwe, ndipo ngati n'kotheka mubwere awiri.